Pamene Inkaima

Miyezi khumi ndi inayi yakhala pakhomo,
Nissan yobiriwira, matayala akuphwa pang'onopang'ono
ngati munthu wofuna kugwada koma akuchita manyazi.
Ndere zamera m'mphepete mwa galasi.
Akhonsolo ya Wolverhampton alemba kawiri,
makalata aulemu wochititsa mantha.

Ine sindiyendetsa. Mayeso ndinalephera katatu
pa raundabauti ya ku Bilston,
Fanuel n'kuseka mpaka kutsokomola.
Chifuwa chija tinkachiyesa cha chisanu.

Makaniko anaigogoda kunsi,
dzimbiri n'kuyoyoka ngati gaga.
Alamu anga pafoni akuti, "Itumizeni pasitima,
tiziyendetsa matola ku Balaka,"
osadziwa kuti ndalama yokwezera
ingagule zinayi zotere.

Ndiye ndinaimbira kunyumba ija
yosamalira odwala amene sadzatulukanso,
kumene anamwino ankamunyowetsa milomo ndi kathonje
nayesetsa kutchula dzina lake molondola.
Anati amalandira galimoto, ngakhale yakufa.

Dzulo ndinatsegula kuti ndichotsemo zathu.
Ndinkayesa ndi ntchito ya mphindi khumi.
Munali chopalira madzi oundana pagalasi,
maswiti omatana m'kathumba,
sokosi imodzi ya Tadala ali wamng'ono,
khobidi la makwacha khumi, kaya linafika bwanji kuno,
ndi matikiti oimikira galimoto kuchipatala,
mtolo wathunthu, iliyonse ndi deti lake:
oyamba a ola limodzi,
otsiriza a tsiku lonse.

Mpando unali udakali kumbuyo,
pamuyeso wa miyendo yake.
Ndinakhalapo. Mapazi anga analendewera.
Muno ndimo tinkakangana za ndalama zotumiza kumudzi,
magalasi titatseka kuti aneba asamve.
Muno ndimo ankandidikira mbandakucha
ndikamaweruka kosamalira nkhalamba za eni,
iye atawodzera, chibwano pachifuwa,
injini ikulira kuti ndipeze mofunda.
Sindinamuthokoze n'kamodzi komwe.
Ndinkangoti, "Mukutha petulo."

Lero kwabwera mnyamata wa chilemba kumutu,
dzina lake Gurpreet, ndi lole yokokera.
Wapempha kiyi ndi mapepala.
Kiyi yavuta kuchoka pamphete,
chikhadabo changa chathyoka,
iye wayang'ana kumbali ngati akuwerenga nambala za nyumba.
Atamanga unyolo, mabuleki akana.
Galimoto yalira kwiii, msewu wonse kumva,
makatani akusuntha pamawindo,
kenaka yagonja, yakwera chafutambuyo,
maso ake awiri akundiyang'ana.

"Mwachita bwino, mayi," watero mnyamatayo.
Akuti ikagulitsidwa, kaya yathunthu kaya zidutswa,
mwina mapaundi mazana awiri.
Ndafunsa kuti agula chiyani.
Waganiza kaye. "Mwina usiku umodzi wa namwino."

Usiku umodzi.
Ndikuudziwa kutalika kwake.

Amati kupatsa n'kuika,
koma musanditame, anthuni.
Sindinapereke chifukwa cha mtima wabwino.
Ndinatopa kutsegula katani m'mawa uliwonse
n'kuganiza, kwa kamphindi, kuti wabwera.

Mvula ya kuno ija, yosagwa yosaleka,
yanyowetsa msewu wonse
kupatula pamene inkaima:
malo ouma, a ngodya zinayi,
pakati pali dontho lakuda la oilo
limene ankalonjeza kukonza Loweruka lililonse.
Ndaimapo ndi masilipasi
mpaka madontho atseka mbali zonse.

Pofika madzulo neba waikapo vani yake yoyera.
Sanalakwe. Malo ndi osowa mumsewu muno.
Ine ndavala jekete,
m'thumba khobidi lija ndi mphete yopanda kiyi,
ndikuthamangira basi
imene siidikira munthu.